Kuulutsa Maroketi Ngati Masewera: Wachinyamata wa ku Kasungu Angayambire Pati?

Mawu Otsogolera

Munthu akakwera phiri la Kasungu m'mwezi wa Ogasiti n'kuponya maso kutali, amaona dziko lathyathyathya mpaka pamene maso alekeza. Fodya amakhala atachoka kale m'minda, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo chotsala ndi mizere youma, madambo ndi zigafa zili apo ndi apo. Kwa mlimi, amenewa ndi malo ongodikira mvula. Koma m'mayiko ena muli anthu amene amayenda ulendo wa tsiku lathunthu kufunafuna malo otakasuka ngati amenewa. Anthuwa amakonda kuulutsa maroketi opangira pakhomo, ndipo amakawaulutsa Loweruka monga momwe ena amapitira ku mpira kapena kokaweza nsomba.

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza masewera amenewa, makamaka gawo lake la maroketi amphamvu kwambiri, komanso kuunika pamene wachinyamata wa ku Kasungu angayambire. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa mafoni afika ponseponse, ndipo achinyamata akuonera pa YouTube anzawo a kunja akuulutsa maroketi. Ena mwa iwo adzafuna kuyesa. Vuto ndi lakuti roketi imalanga msanga munthu wophunzira mongoonerera. Amene walakwitsa pokonza wailesi amangotaya ndalama, koma amene walakwitsa posakaniza mankhwala oyaka amataya zala, maso kapenanso moyo.

Mmene Roketi Imaulukira

Pa Chichewa tili ndi mawu akuti chombo, amene timatchulira zinthu zopita m'mlengalenga. Komabe mawuwa amatanthauzanso sitima ya panyanja ngati Ilala, choncho m'nkhani ino tigwiritsa ntchito mawu obwereka akuti roketi.

Roketi imauluka potsatira lamulo limene Isaac Newton adalemba mu 1687, lakuti chinthu chikakankha chinzake, nachonso chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana koma cholozera kwina. Mwana akauzira chibaluni n'kuchisiya osamanga kukamwa, mpweya umatulukira kumbuyo ndipo chibalunicho chimathamangira kutsogolo. Mu roketi, mankhwala amayaka mkati mwa injini n'kutulutsa mpweya wotentha kwambiri. Mpweyawo umadutsa pakabowo kopanikiza kumunsi, ndipo roketi imakankhidwira kumwamba. Kusiyana kwake ndi ndege n'kwakuti ndege imadalira mpweya wa panja kuti mafuta ake ayake, pamene roketi imanyamula zonse zofunika kuti moto uyake.

Roketi ya masewera ili ndi zigawo zisanu zikuluzikulu: nsonga, thupi looneka ngati paipi, zipsepse za kumunsi, injini ndi parachuti yoitsitsira pansi bwinobwino. Roketi zazing'ono zimapangidwa ndi katoni yolimba, pulasitiki ndi timatabwa topepuka. Zazikulu zimapangidwa ndi pulayiwudi ndi fiberglass.

Chimene chimavuta ongoyamba kumene si kukweza roketi m'mwamba, koma kuichititsa kuti ikwere mowongoka. Apa muvi wa alenje ungatithandize kumvetsa. Muvi umalemera kutsogolo kumene kuli chitsulo, pamene kumbuyo kuli nthenga zopepuka zimene mphepo imawomba. N'chifukwa chake muvi sutembenuka uli m'njira. Roketi nayonso ili ndi malo awiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi pamene kulemera kwake kumakumana, pamene munthu angaiike pa chala osagwa. Achiwiri ndi pamene mphamvu yonse ya mphepo yowomba m'mbali imakumana. Malo oyambawo ayenera kukhala kutsogolo kwa achiwiriwo ndi mtunda wofanana ndi kunenepa kwa thupi la roketi, kapena kuwirikiza kawiri. Zikasemphana, roketi imazungulira mwachisawawa ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndipo ingathe kulunjika kwa anthu oonerera. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wina wa ku America, James Barrowman, adalemba masamu owerengera zimenezi. Lero masamuwo ali m'pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa OpenRocket, imene imalola munthu kujambula roketi yake ndi kuona mmene ingaulukire asanadule ngakhale katoni imodzi.

Magulu a Mainjini ndi Ziphaso

Mainjini a maroketi a masewera amaikidwa m'magulu potsatira zilembo za afabeti. Chilembo chilichonse chimasonyeza mphamvu yonse imene injini imatulutsa kuyambira pamene yayaka mpaka kuzima, ndipo muyezo wake ndi newton-sekondi. Injini ya gulu A imafika 2.5, ya B imafika 5, ya C imafika 10, ndipo zimapitirira choncho, chilembo chilichonse kuwirikiza kawiri chinzake. Pofika pa G ndiye kuti tafika pa 160. Maroketi amphamvu kwambiri amayambira pa H, amene amafika 320, mpaka pa O, amene amafika 40,960. Izi zikutanthauza kuti injini yodzaza ya gulu H ndi yamphamvu kuwirikiza ka 128 poyerekeza ndi ya gulu A. Ku America roketi imawerengedwanso m'gulu la zamphamvu ngati ikulemera kupitirira magalamu 1,500, kapena ngati mankhwala ake oyaka apitirira magalamu 125.

Pambuyo pa chilembo pamakhala nambala. Mwachitsanzo, injini yolembedwa kuti H128 imakankha ndi mphamvu ya manewton 128, yomwe ikufanana ndi kulemera kwa katundu wa makilogalamu 13. Injini yotere siyaka kupitirira masekondi awiri ndi theka, koma nthawi yochepayo ndi yokwanira kuponya roketi mamita mazanamazana m'mwamba. Ozolowera masewerawa amalangiza kuti mphamvu yokankha ikhale yowirikiza kasanu kulemera kwa roketi, kuti roketiyo ichoke pa chitsulo choimikira ili kale pa liwiro lokwanira.

Mainjini amenewa munthu sapanga yekha kukhitchini. Amapangidwa m'mafakitale monga AeroTech ku America ndi Cesaroni ku Canada, ndipo amayesedwa asanagulitsidwe. Mbiri ya masewerawa ikutiuza chifukwa chake. Dziko la Soviet Union litaulutsa Sputnik pa 4 Okutobala 1957, achinyamata ambiri a ku America adayamba kulonga onga m'mapaipi achitsulo pofuna kupanga maroketi awoawo, ndipo ambiri adavulala, ena adafa. M'chaka chomwecho G. Harry Stine ndi Orville Carlisle adayambitsa bungwe limene lero limatchedwa National Association of Rocketry. Mfundo yawo inali yakuti wachinyamata apange thupi la roketi, koma injini agule yopanga akatswiri. Bungwe lina ndi Tripoli Rocketry Association, lomwe lidayamba mu 1964 ngati kalabu ya ana asukulu m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo lili ndi nthambi m'mayiko osiyanasiyana.

Mabungwe awiriwa amapereka ziphaso za magawo atatu. Chiphaso choyamba chimalola munthu kugula mainjini a H ndi I. Kuti achipeze, amapanga roketi yake, kuiulutsa pamaso pa mboni zodziwa bwino, ndi kuibweza pansi isanaonongeke. Chiphaso chachiwiri ndi cha mainjini a J, K ndi L, ndipo munthu amayamba walemba mayeso. Chachitatu ndi cha M, N ndi O, ndipo akatswiri amaunika mapulani ndi kapangidwe ka roketi isanaloledwe kuuluka. Tione apa kuti mayeso sayang'ana kutalika kumene roketi yafika. Amayang'ana ngati yabwerera yathunthu. Amene adakwera makwerero amenewa ndi kupitirira adachita zazikulu: pa 17 Meyi 2004, gulu la anthu wamba lotchedwa Civilian Space eXploration Team lidaulutsa roketi yotchedwa GoFast m'chipululu cha Black Rock ku Nevada, ndipo idafika makilomita pafupifupi 116, kupitirira malire a makilomita 100 amene ambiri amati ndi poyambira mlengalenga weniweni.

Anthu Awiri Amene Adatchedwa Amisala

Maloto okwera kumwamba si achilendo m'dera lathu lino. Ku Zambia kudali mphunzitsi wina, Edward Makuka Nkoloso, amene adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiponso adalimbana nawo ndi atsamunda m'chipani cha UNIP. Mu 1960 adayambitsa bungwe lotchedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Pa famu ina kunja kwa Lusaka adasonkhanitsa achinyamata n'kumawaphunzitsa za ulendo wa kumwezi. Ankawalowetsa mumgolo wa mafuta n'kuugubuduza pamtsetse kuti azolowere mmene thupi limamvera m'mlengalenga. Roketi yake, yotchedwa D-Kalu 1, inali yooneka ngati mgolo, ndipo iye ankafuna kuti iuluke pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia idalandira ufulu. Adapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO koma sadapatsidwe. Roketiyo siidauluke, atolankhani a kunja adamuseka, ndipo iye adamwalira mu 1989. Patapita zaka, olemba ndi ojambula adayambanso kumuganizira. Namwali Serpell, wolemba wa ku Zambia, adalemba za iye mu 2017 ndipo adafunsa ngati Nkoloso sankangoseka mayiko akuluakulu amene ankapikisana kupita kumwezi.

Kuno ku Kasungu, m'dera la Wimbe, William Kamkwamba adasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Ali ndi zaka 14, adabwereka buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya kwawo, ndipo adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga, mapaipi apulasitiki ndi fani ya thirakitala. Nayenso anthu ankamutcha wamisala pomuona akutolatola zitsulo kudzala. Koma babu lidayaka. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College.

Onse awiriwa adali ndi mtima wofuna kudziwa ndipo onse adasekedwa. Kusiyana kwawo kuli pa poyambira. Nkoloso adayambira kumwezi, chinthu chimene sakadatha kuchiyesa pang'onopang'ono. Kamkwamba adayamba ndi kamakina kakang'ono, adaona kuti kakugwira ntchito, kenaka adapanga kakulu. Wofuna kuulutsa maroketi atengere kulimba mtima kwa Nkoloso, koma njira atengere ya Kamkwamba.

Poyambira Penipeni

Khwerero loyamba ndi roketi ya madzi, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa msika uliwonse. Pamafunika botolo lapulasitiki la zakumwa za gasi la malita awiri, pampu ya njinga, vavu ya chubu chakale, chotsekera cha labala ndi katoni yopangira zipsepse. Munthu amathira madzi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, kulizondotsa, ndi kupopa mpweya ataima patali. Chotsekera chikafwamphuka, madzi amatulukira pansi ndipo botolo limakwera mamita makumi angapo. Botolo lagalasi kapena long'aluka siliyenera kugwiritsidwa ntchito, ndipo palibe amene ayenera kuweramira pamwamba pake. Ena angaone ngati zachibwana, koma zonse tafotokoza zija zili momwemo. Mukachotsa zipsepse botolo limazungulira. Mukaika dothi pang'ono kunsonga limawongoka. Mukadzaza madzi kwambiri limalemera, mukachepetsa limasowa chokankha.

Khwerero lachiwiri ndi kuyeza ndi kulemba. Munthu wina aime mamita 50 kuchokera pamalo oulutsira ali ndi protractor ya m'bokosi la masamu yomangirira ulusi ndi kamwala. Ngati roketi yakwera mowongoka ndipo pamene yalekeza kukwera ngodya ndi madigiri 45, ndiye kuti yafika mamita 50. Masamu amenewa ndi omwe aja timaphunzira ku sekondale n'kumadandaula kuti alibe ntchito. Ulendo uliwonse ulembedwe m'kope: madzi adali ochuluka bwanji, mphepo imachokera kuti, chidachitika n'chiyani.

Khwerero lachitatu ndi kuphunzira kutsitsa roketi. Parachuti ingapangidwe ndi jumbo kapena nsalu ya ambulera yakutha. Apa ndi pamene munthu amazindikira vuto la mphepo. Tiyerekeze kuti roketi yafika mamita 600 ndipo ikutsika mamita 6 pa sekondi. Itenga masekondi 100 kuti ifike pansi. Ngati mphepo ikuwomba mamita 5 pa sekondi, roketiyo ikatera theka la kilomita kuchokera pamene idanyamukira. N'chifukwa chake maroketi amphamvu ambiri amanyamula kachipangizo koyeza kutalika. Kachipangizoka kamatulutsa parachuti yaing'ono roketi ikafika pamwamba penipeni kuti itsike msanga, kenaka kamatulutsa yaikulu itayandikira pansi.

Khwerero lachinayi ndi la mainjini ang'onoang'ono a A mpaka G, ndipo apa m'pamene munthu payekha amafika pothera. Mainjiniwa ali m'gulu la katundu woopsa. Satumizidwa pa positi wamba, sanyamulidwa m'chikwama pokwera ndege, ndipo kuwalowetsa m'dziko kumagwa pansi pa lamulo la zophulika. Njira yanzeru ndi kudzera m'kalabu ya sayansi ya pasukulu kapena m'dipatimenti ya uinjiniya ya sukulu za ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, chifukwa bungwe lodziwika limatha kupempha zilolezo ndi kusunga katundu pamalo oyenera. Chiyeso chachikulu pa khwerero limeneli ndi kunena kuti, poti injini sizikupezeka, ndisakaniza ndekha mankhwala ndi kuwalonga mupaipi. M'dera la ulimi ngati Kasungu, momwe mankhwala osiyanasiyana amapezeka m'nyumba iliyonse, chiyesochi chili pafupi. Koma paipi yachitsulo yolongamo mankhwala oyaka ndi bomba, ndipo ndiyo idavulaza achinyamata a ku America aja.

Kuti kudekha kumapindula tikuona kwa anzathu a ku South Africa. Ophunzira a ku University of KwaZulu-Natal adayamba kupanga maroketi otchedwa Phoenix, amene amayatsa phula la parafini pamodzi ndi mpweya wa nitrous oxide. Roketi yawo yoyamba idauluka mu 2014 ndipo idalekeza pa makilomita pafupifupi 2.5 chifukwa cha vuto la pakabowo kotulukira moto. Sadagwe mphwayi. Mu Malichi 2021, pa bwalo loyesera la Overberg, roketi yawo ina idafika makilomita pafupifupi 18. Ngakhale Robert Goddard, amene adaulutsa roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi pa 16 Malichi 1926, adaona roketi yakeyo ikukwera mamita 12 ndi theka okha n'kugwera m'munda wa kabichi.

Ubwino ndi Zoopsa za Chigwa cha Kasungu

Malamulo a mabungwe aja amafuna malo otakasuka, osachepera mamita pafupifupi 460 mbali iliyonse, opanda nyumba, mawaya a magetsi kapena msewu wodutsa anthu ambiri. Amafunanso kuti pa injini za H mpaka J anthu aime mamita 30 kutali, kuti injini iyatsidwe ndi magetsi kudzera pa waya wautali, kuti roketi isaulutsidwe m'mitambo, komanso kuti mphepo isapitirire makilomita 32 pa ola. Pa nkhani ya malo ndi thambo loyera, Kasungu wa m'chilimwe ndi wodala. Akatswiri adaziona kale zimenezi. Mu Juni 2017 boma la Malawi ndi UNICEF adatsegula dera loyeserera madroni, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu. Izi zidasonyeza kuti thambo la kuno lingagwiritsidwe ntchito ya sayansi ngati pali chilolezo ndi dongosolo.

Komabe nyengo yomweyo ya thambo loyera ndi nyengo ya moto. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala wouma gwa, ndipo kamoto kochepa kangathe kulusa n'kutentha zigafa zofolera udzu, nkhokwe ndi nyumba. Banja limene limadalira fodya likapserera chigafa limayamba chaka chotsatira ndi ngongole. Pa chifukwa ichi, pamalo oimika roketi payenera kulambulidwa mamita 15 mbali zonse, ndipo madzi ndi anthu ozimitsa moto akhale pafupi. Mphepo ya mwera ya m'miyezi ya Juni ndi Julayi komanso akamvuluvulu a masana otentha amasokoneza ulendo wa roketi, choncho nthawi yabwino ndi m'mamawa kuli bata. Malo oyandikana ndi Kasungu National Park nawonso ndi oyenera kuwapewa, chifukwa moto ndi phokoso zingasokoneze nyama, ndipo kutsatira roketi yogwera m'nkhalangomo ndi kudziika m'kamwa mwa njovu ndi lamulo.

Thambo nalonso lili ndi eni ake. Roketi ya gulu H imafika kumene ndege zazing'ono zimadutsa, motero akuluakulu oyang'anira kayendedwe ka ndege ayenera kupereka chilolezo, ndipo apolisi ayenera kudziwa. Pomaliza pali anthu a m'mudzi. Chinthu chachilendo chotsika kumwamba chingathe kutengedwa ngati ndege ya ufiti. Tisaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Wofuna kuulutsa roketi, ngakhale ya madzi, ayambe wakagwada kwa amfumu, afotokoze chimene akufuna kuchita, apemphe kwa mwini munda, ndipo aitane aphunzitsi ndi ana asukulu kuti adzaonerere. Anthu akaona chinthu chikukonzedwa pamaso pawo, mantha amachepa.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti kuulutsa maroketi amphamvu ndi masewera okhala ndi makwerero, ndipo khwerero lililonse lidaikidwa chifukwa ena adavulala polidumpha. Wachinyamata wa ku Kasungu ali kale ndi zinthu zina zofunika: malo otakasuka, thambo loyera, masamu a ku sekondale ndi chitsanzo cha mnzake wa ku Wimbe. Zimene zimafuna gulu ndi mainjini ovomerezeka, zilolezo ndi alangizi odziwa bwino. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene akufuna kudzaulutsa injini ya H tsiku lina ayambe sabata ino ndi botolo, pampu ya njinga, kope ndi anzake atatu. Akaulutsa maulendo makumi awiri n'kulemba zotsatira zake zonse, adzakhala ndi chinthu chokaonetsa kwa mphunzitsi wa sayansi, kwa amfumu ndi kwa akuluakulu a sukulu ya ukachenjede popempha kukwera khwerero lotsatira.